Delay yoyamba ya gitala ya lidi: ndigule iti?

Lidi_waChinamwali

Abale anga oimba, ndigawireniko nzeru. Ndimaimba gitala ya lidi m'gulu la kutchalitchi kuno ku Chinamwali, ndipo nthawi zina timaitanidwa kumaukwati komwe timaimba rhumba, sungura ndi reggae pang'ono. Zida zomwe ndili nazo ndi gitala yonga Stratocaster, overdrive imodzi (pedal yopatsa gitala mawu aukali) ndi ampu ya 40 watts yomwe ili ndi send ndi return (mabowo olumikizira ma pedal) kumbuyo. Ndikufuna delay, pedal yobwereza mawu a gitala ngati eko, koma ndalama zilipo za pedal imodzi yokha, zogula n'kudzasinthanso sindingakwanitse. Pali wina akugulitsa Boss DD-3 yogwirapo kale ntchito, wina akuti atha kundibweretsera MXR Carbon Copy kapena TC Electronic Flashback kuchokera ku Johannesburg, komanso pali tating'ono totchipa tija ta Joyo ndi Mooer. Kodi analog ndi digital zimasiyana pati pa khutu? Tap tempo ndi yofunikadi? Nanga yakaleyo ndiiyese bwanji ndisanapereke ndalama?

MphunzitsiWaZingwe

Achimwene, dzina la pedal liyembekeze kaye. Yambani ndi liwiro la nyimbo zomwe mumaimba, chifukwa ndi lomwe likuuzeni kutalika kwa delay yomwe mukufuna.

Masamu ake ndi awa. Tengani 60,000 mugawe ndi BPM ya nyimbo (kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi), yankholo ndi mamilisekondi (ms) a kugunda kumodzi. Nyimbo ya 120 BPM ikupatsani 500 ms. Delay yomwe imamveka ngati gitala ikuthamanga pamene dzanja likuimba manotsi ochepa, yomwe oimba amaitcha dotted eighth, ndi magawo atatu mwa anayi a nambala imeneyo, ndiye pa 120 BPM ndi 375 ms. Tsopano tengani nyimbo yopembedza yodekha ya 70 BPM: kugunda kumodzi ndi 857 ms, dotted eighth ndi 643 ms. Carbon Copy imathera pa 600 ms, kotero zonse ziwirizi siingafikepo. DD-3 imathera pa 800 ms, ndiye 643 ikwanitsa koma 857 ayi. Flashback imafika masekondi 7, Boss DD-7 masekondi 6.4, DD-8 masekondi 10. Pa sebene ndi sungura vutoli palibe: pa 130 BPM kugunda kumodzi ndi 462 ms, dotted eighth 346 ms, ndipo pedal iliyonse mwatchulayo ifikapo.

Kusiyana kwa analog ndi digital kuli pa mawu obwerezawo. Digital imajambula notsi yanu n'kuibweza yoyera monga munaiimbira. Analog, monga Carbon Copy kapena Boss DM-2 ya mu 1981, imadutsitsa mawu mu chip ya BBD, momwe amapatsirana ngati anthu opatsirana ndowa za madzi pamzere. Panjirapo mawu akuthwa amasefedwa kuti phokoso la chip lisamveke, ndiye kubwereza kulikonse kumatuluka kodera kuposa koyamba mpaka kusungunuka. N'chifukwa chake analog imakhala kumbuyo kwa gitala osakusokonezani, pamene digital imaima nanu limodzi kutsogolo. Dotted eighth imafuna kubwereza komveka bwino, ndiye imakoma pa digital.

Za tap tempo, kwa munthu woimba ndi ng'oma zamoyo ine ndikuti ndi yofunika kuposa china chilichonse pa pedal. Woimba ng'oma sagwira liwiro limodzi ngati makina. Kolasi ikafika mpingo n'kuyamba kuwomba m'manja, nyimbo imathamanga, ndipo delay yomwe munaitchera pa 375 ms imayamba kupunthwitsana ndi ng'oma. Ndi tap mumangoponda kangapo motsata ng'oma, yabwerera m'malo. DD-3 yakale ilibe tap, koma DD-3T yomwe idatuluka mu 2019 ili nayo. Carbon Copy wamba ilibe, koma Carbon Copy Deluxe ili nayo ndipo imafika masekondi 1.2. Pa DD-7 mumaponda n'kugwira masekondi awiri kuti ilowe mu tap, kapena mumalumikiza switch yapadera ngati Boss FS-5U, yomwe ndi njira yabwino kwambiri pakati pa nyimbo. Flashback ya mtundu woyamba mumaponda n'kugwira kenako n'kukhwatcha zingwe motsata liwiro, koma nthawi imeneyo gitala imakhala chete, zomwe zimavuta ngati lidi ili pakati pa mzere. Ubwino wake ili ndi ka switch kosankhira kugunda kumodzi, dotted eighth, kapena zonse ziwiri pamodzi.

Pa zitatu mwatchulazo ndingasankhe Flashback. Koma ngati wa ku Johannesburg uja angapeze DD-7 kapena DD-8, muuzeni atenge imeneyo. Bokosi la Boss limapirira kupondedwa ndi kugwedezeka pa kabaza ndi m'minibasi.

Amisiri_aMatawale

Aphunzitsi afotokoza bwino za mawu. Ine ndikambe za magetsi, chifukwa ma pedal ambiri omwe amafa samafa ndi ukalamba, amaphedwa ndi adaputa.

Onse mwatchulawa amafuna 9V DC, pulagi ya 2.1 mm, ndipo pakati pa pulagiyo pakhale negative. Yang'anani kachithunzi kali pa adaputa: mzere wochokera pakadontho kapakati uloze ku chizindikiro cha minus. Maadaputa a rauta, a dikoda ndi a kiyibodi za Yamaha PSR zomwe zili m'matchalitchi ambiri amakhala a 12V ndipo pakati pake ndi positive. Pulagi yake nthawi zambiri imalowa bwinobwino mu pedal, ndiye munthu amaganiza kuti zagwirizana. Pamenepo zolakwika ndi ziwiri nthawi imodzi, mphamvu yachuluka komanso yatembenuka. Mukachita mwayi ipsa diode yoteteza yokha, yomwe mmisiri angasinthe. Mukapanda mwayi ipsa chip, ndipo chip ya delay ya digital simungaipeze mumsika wa Zomba. Adaputa yolembedwa 9V AC nayo isayandikire.

Chachiwiri ndi ma mA, muyeso wa magetsi omwe pedal imadya. Overdrive wamba imadya pang'ono, nthawi zambiri osafika 20 mA. Carbon Copy imadya pafupifupi 26 mA, DD-7 pafupifupi 55 mA, Flashback pafupifupi 100 mA. Adaputa ikhale ndi mA ofanana kapena oposa zomwe ma pedal onse akudya mukaphatikiza. Kuchuluka kwa mA sikuwononga kanthu, pedal imangotenga zomwe ikufuna. Zikachepa ndi pomwe delay imazima n'kuyakanso yokha, kapena mawu obwereza amang'ambika.

Adaputa yotchipa yolemera ija ya thiransifoma, yopanda regulator, ikhoza kulembedwa 9V koma mukaiyeza ndi mita n'kupeza 12V kapena 13V. Yezani musanalumikize. Ngati pedal ikubwera ndi adaputa ya ku America, werengani polembedwa input: ikakhala ya 120V yokha, pa magetsi athu a 230V ipsa pomwepo. Yolembedwa 100-240V ilibe vuto, ingofunika pulagi yolowa mu soketi zathu za mano atatu.

Mukadyetsa overdrive ndi delay ya digital pa chingwe chimodzi chogawana, nthawi zina mumamva kulira kopyapyala kosalekeza mu ampu. Ndi phokoso la digital lomwe likudutsa pa ground n'kukulitsidwa ndi overdrive. Mankhwala ake ndi kupatsa delay adaputa yakeyake, kapena kusiya overdrive pa batire. Delay ya digital pa batire ya 9V ndi kutaya ndalama, imatha m'maola ochepa. Isungeni ya tsiku lomwe magetsi azima mwambo uli m'kati, ndipo muzizula chingwe cha input mukamaliza, chifukwa chikakhala cholowa batire imapitirira kudyeka ngakhale nyali ili yozima.

Pa jenereta, dikirani ilire kaye ikhazikike musanalumikize zida, ndipo magetsi akazima zulani adaputa kukhoma mpaka atabwerera. Inverter yotchipa ya modified sine imalowetsa kulira mu ampu, ndiye mukamva zimenezo musafulumire kunena kuti pedal yawonongeka.

Sebene_Sadzi

Pa tap tempo sinditsutsa, koma musaitaye Carbon Copy msanga chonchi, akuluakulu. Taganizirani nyumba zomwe timaimbiramo. Matchalitchi ambiri kuno ndi a njerwa, pansi simenti, pamwamba malata opanda siling'i. Nyumba yotere ili kale ndi eko yakeyake. Mukaikamo delay ya digital yowala, yobwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kumbuyo kwa tchalitchi kumangomveka phala, ndipo mawu a oimba amakwiririka. Analog, poti kubwereza kwake n'kodera, imanenepetsa gitala popanda kulimbana ndi mawu a anthu.

Pa sebene ndi sungura manotsi ndi ambiri komanso othamanga. Apo simufuna delay yaitali. Ikani nthawi pakati pa 200 ndi 350 ms, kubwereza kuwiri kapena kutatu, ndipo mix ikhale yotsika, mawu obwereza azimveka pansi pa notsi yeniyeni. Pa kukhwatcha kwa reggae, ikani kubwereza kumodzi kapena kuwiri kogwera pakati pa kugunda. Mukafuna kungokhuthalitsa gitala, 80 mpaka 120 ms ndi kubwereza kumodzi zakwana. Zonsezi Carbon Copy imachita bwino kwambiri, ndipo kabatani kake ka Mod kamawonjezera kugwedera pang'ono komwe kumakometsa gitala yopanda distortion. Popanda tap, matani ka tepi pambali pa chopotokola cha Delay, mulembe malo atatu a nyimbo yodekha, yapakati ndi yothamanga.

Komabe chilungamo n'chakuti DD-7, DD-8 ndi Flashback zonse zili ndi mode ya analog yotsanzira mawu amenewa, ndipo mu gulu lathunthu ndi ochepa angasiyanitse. Ndiye ngati theka la nyimbo zanu ndi zopembedza zodekha, tsatirani aphunzitsiwo, kungoti muziika pa analog mukakhala m'nyumba ya eko.

Tating'ono totchipa tija musatinyoze, koma dziwani malire ake. Tambiri timagwiritsa ntchito chip ya PT2399, yomwe imamveka bwino mpaka cha m'ma 300 ms, koma mukaikoka kufika 500 kapena 600 ms kubwereza kumayamba kuchita mchenga. Komanso mulibe malo a batire, ndipo switch ndi jack zake ndi zomwe zimayamba kufooka.

Lidi_waChinamwali

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso, makamaka za adaputa ya kiyibodi. Ndifunsa za DD-7 kapena Flashback. Koma mwina DD-3 ija ikhala yokhayo yomwe thumba lingafikire, ndiye ndiuzenibe za kayesedwe. Komanso delay ndiilumikize pati, kutsogolo kwa ampu kapena ku send ndi return?

Amisiri_aMatawale

Kulumikiza kukutengera komwe distortion yanu ikuchokera. Ngati ampu ili pa clean ndipo ukali wonse ukuchokera pa overdrive, njira ndi gitala, overdrive, delay, ampu. Delay ikakhala patsogolo pa overdrive, mawu obwereza amakwezedwa n'kufanana mphamvu ndi notsi yatsopano, zonse n'kuphwanyikira pamodzi. Ngati mumagwiritsa ntchito distortion ya mu ampu momwemo, delay ipite kumbuyo: send ilowe ku input ya delay, output ya delay ipite ku return. Ampu zina zimatulutsa mphamvu yochuluka pa send, ndipo mudzamva kubwereza kukung'ambika ngakhale mukuimba mofatsa. Ngati pali switch ya -10 ndi +4, ikani pa -10. Ngati palibe, bwezerani delay kutsogolo.

Pa DD-3 pali mabowo awiri otulutsira mawu. Ampu imodzi ilowe pa Output. Direct Out imatulutsa gitala yopanda delay, ndipo ambiri amalowetsa pamenepo n'kumati pedal ndi yakufa.

Poyesa, pitani ndi gitala yanu, zingwe zanu ziwiri zomwe mukuzidziwa kuti n'zabwino, ndi adaputa yoyenera. Yambani pedal ili pa magetsi koma nyali yake ili yozima: mawu a gitala adutse oyera, osachepa mphamvu. Pondani switch kakhumi kapena kuposa, nyali iziyaka ndi kuzima ulendo uliwonse osaphonya. Potokolani E.Level (mphamvu ya mawu obwereza), F.Back (kuchuluka kwa kubwereza) ndi D.Time (kutalika kwa delay) pang'onopang'ono kuchokera koyambira mpaka kothera. Kukhwekhwereza pang'ono ndi fumbi, contact cleaner imachotsa, koma mawu akamadukiratu penapake ndiye kuti chopotokolacho chadyeka. D.Time mukaipotokola mawu akubwereza, notsi imakwera kapena kutsika, chimenecho si chilema. Yesani malo onse a Mode, 50 ms, 200 ms, 800 ms ndi Hold. Gwedezani zingwe pa jack zonse ndi pa bowo la adaputa, chifukwa pamenepo ndi pomwe mtovu umathyoka. Tsitsani volume ya ampu, ikani 800 ms, kwezani F.Back, imbani notsi imodzi n'kumvetsera mpaka ithe: izitsika bwinobwino popanda kuthetheka. Kenako isiyeni yoyaka mphindi 15 muyesenso, poti zilema zina zimaoneka zida zikatentha.

Masulani sikuluwu yakutsogolo muone m'malo a batire. Ufa woyera kapena wobiriwira pa mawaya ukutanthauza kuti batire idatayikiramo. Mitu ya masikuluwu apansi ikakhala yodyeka, pedal idatsegulidwapo, ndiye funsani chomwe adakonza.

MphunzitsiWaZingwe

Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimadabwitsa anthu atagula kale. DD-3 ndi Carbon Copy mukaziponda kuti zizime, mawu obwereza amaduka nthawi yomweyo, ndipo pa nyimbo yodekha kudukako kumamveka. DD-8 ili ndi switch ya Carryover yomwe imalola kubwereza kumalizike, ndipo pa Flashback mumatsegula kumbuyo n'kusuntha ka switch kam'kati kupita pa buffered bypass. Mukatenga DD-3, zolowerani kuizimitsa pomwe ng'oma ndi besi zikulowa mwamphamvu kapena kubwereza kukatha.

Ndipo poti dzinja la kuno kunsi kwa phiri limabwera ndi chinyontho chambiri, musaisiye pa simenti mutchalitchi sabata yonse. Chotsani batire, ipukuteni, muiike m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Jack ikayamba dzimbiri, thirani contact cleaner pa pulagi n'kuilowetsa ndi kuitulutsa kangapo. Mafuta a makina kapena a njinga musaikemo, amakoka fumbi n'kuipitsiratu.