Phokoso la "mmmm" m'masipika a kutchalitchi: kodi likuchokera kuti?

Wakwaya_Area25:
Moni nonse. Ndine mmodzi wa anthu amene amasamalira zida zokuzira mawu patchalitchi chathu kuno ku Area 25, ndipo tikuvutika ndi phokoso limene limamveka m'masipika ngakhale palibe amene akuyankhula pa maikolofoni. Tili ndi mikisa ya matchanelo 12, ampulifaya imodzi, masipika awiri, kibodi ndi laputopu imene timaikira nyimbo mapemphero asanayambe. Phokosolo ndi la "mmmm", lotsika ndi losadukiza, ndipo limakula tikangolumikiza laputopu. Pamwamba pake pamamvekanso ka "shiii". Ampulifaya ili kutsogolo pafupi ndi guwa, pamene mikisa ili kumbuyo pasoketi ina. Mnzanga wina akuti tithyole mwendo wachitatu wa pulagi ya ampulifaya ndipo phokosolo litha. Kodi akuluakulu odziwa ntchitoyi mungatilangize bwanji?

Mmisiri_Kawale:
Achimwene, mwendo wa pulagiwo musaukhudze. Umenewo ndi wa earth, ndipo tsiku limene waya wamoto adzakhudza chitsulo cha ampulifaya mkati, magetsiwo adzasowa njira yopitira pansi n'kudzera mwa munthu amene wagwira maikolofoni. Phokoso litha kuthadi, koma mtengo wake ndi moyo wa woimba.

Mmene mwafotokozera, muli ndi mavuto awiri osiyana. La "mmmm" ndi kulira kwa magetsi enieniwo, chifukwa magetsi athu kuno ndi a mavolti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye akalowa m'njira ya mawu khutu limawamva ngati kulira kotsika. Kawirikawiri amalowa pamene zida ziwiri zolumikizana ndi chingwe cha mawu zikutenga magetsi pamasoketi osiyana, popeza earth wa soketi iyi ndi wa inayo safanana ndendende, ndipo kusiyanako kumakankha magetsi ochepa kuti aziyenda m'chingwe cha mawu. Amisiri timati ground loop.

Musagule kanthu musanapeze gwero. Zimitsani zonse, zulani zingwe zonse zolowa mu ampulifaya kusiya za masipika zokha, ndipo muyatse. Ikakhala chete, ampulifaya ilibe mlandu. Kenako lumikizani mikisa yopanda chilichonse, mafeda (tokankha tokwezera ndi kutsitsira mawu) onse ali pansi, mumvetsere. Mukatero muzibwezera chida chimodzichimodzi, ndipo chimene chibweretse phokoso ndicho muyang'anitsitse. Nthawi zonse ampulifaya izikhala yomaliza kuyatsa ndi yoyamba kuzimitsa, kuti musaphulitse masipika. Ine ndikukayikira kwambiri masoketi awiriwo: kokerani ekisitenshoni yabwino ya mawaya atatu kuti mikisa ndi ampulifaya zidyere pamalo amodzi, mumve kusiyana kwake.

Ampulifaya ikamalira ili yokha, nkhani yasintha. Pamenepo timaganizira makapasita akuluakulu osefa magetsi amene atopa kapena kutupa, ndipo kulira kwake kumakwera pang'ono, kufika pa 100 Hz, kutanthauza ka 100 pa sekondi. Musaitsegule nokha, chifukwa makapasitawo amasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi.

MayiWaZamaukwati:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Kawale, koma ndionjezepo za laputopu, popeza ife obwereketsa zida pamaukwati timakumana nazo Loweruka lililonse. Zulani chaja phokoso lili mkati, laputopu iyende pa batire. Likangoti zii, mwamupeza wolakwa. Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa DI box, makamaka ka thiransifoma mkati, kamene kali ndi batani lolembedwa ground lift. Batani limenelo limadula earth wa chingwe cha mawu chokha, osati wa magetsi, ndiye palibe choopsa. Kibodi nayonso izidutsira m'kabokosi kotere.

Komanso ndifunse, chingwe chochoka kumikisa kupita kuguwa ndi chamtundu wanji? Ngati ndi cha jeki wamba wa mzere umodzi wakuda, chimatola phokoso lililonse chikatalika kupitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Pamtunda wotere pamafunika XLR ya mapini atatu, imene imanyamula mawu pamawaya awiri motsutsana kotero kuti phokoso lolowa panjira limafafanizika pofika. Ndipo musachimange pamodzi ndi waya wa magetsi, monga amachitira ambiri pofuna kuti m'tchalitchi muoneke mwaudongo. Zikafunika kukumana, zidutsane mopingasa.

AgogoAMawayilesi_Biwi:
Ka "shiii" kaja anzanga sanakafotokoze. Ameneyo si magetsi a pakhoma ayi, ndi gain, nobu yokwezera mawu pamene akulowa m'mikisa. Achinyamata ambiri amatsegula ampulifaya mpaka kumapeto, mawu ochokera kulaputopu kapena kukibodi ali otsika kwambiri, kenako n'kumapotokola gain kuti amveke, ndipo chimene akukweza ndi phokoso la mikisa yomwe. Kwezani mawu kuchokera kugwero, ikani gain pamene timagetsi tobiriwira tikuphethira popanda kufika pofiira, ndipo ampulifaya muitsitse kufikira pamene holo yadzaza bwino. Matchanelo amene sakugwira ntchito azikhala pa mute. Pa maikolofoni a oyankhula dinani low cut, imene pamamikisa ambiri imadula mawu a pansi pa 80 kapena 100 Hz, ngakhale kuti imeneyi imangobisa "mmmm" osamuchiza.

Mukamva kuthetheka potembenuza nobu, limenelo ndi fumbi lathu la mu Okutobala lino. Mankhwala opopera otsukira zida zamagetsi otchedwa contact cleaner amathandiza, ndipo mikisa izifundidwa nsalu ikapuma. Mafoni nawo atalikirane ndi mikisa, chifukwa kaphokoso ka "tititi-tititi" foni isanalire n'kawo.

Wakwaya_Area25:
Zikomo kwambiri nonse. Tayesa madzulo ano itatha pulakatisi ya kwaya. Ampulifaya payokha ili chete, ndipo titaika zonse pasoketi imodzi "mmmm" anachepa kwambiri. Wotsalayo amatha tikazula chaja. Chingwe chopita kuguwa ndi cha jeki wamba ndithu. Mayi, DI box ya laputopu ikhale ya matchanelo awiri, kapena imodzi wamba ikwanira popeza masipika athu timawayendetsa mono, onse awiri akutulutsa mawu amodzimodzi?