Mwana wanga akuti dziko lisanduka ngati Nthanda, ndimuyankhe bwanji?

Mayi wa ku Moatize:
Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 anaonera kanema pa foni ya amalume ake wonena za Venus, nyenyezi ija timati Nthanda. Akuti kumeneko kumatentha mpaka mtovu kusungunuka, ndipo mitambo yake ndi ya asidi. Ndiye poti kuno Okutobala uno dzuwa likuchita kuswa mtengo, iye wangoti basi, dziko lathu layamba kale ulendo womwewo. Usiku akumandidzutsa kufunsa ngati tidzapsa tonse. Ndingomuuza kuti kanemayo ndi wabodza kuti agone, kapena nditani?

Mphunzitsi wa ku Ulóngue:
Mayi, musamunamize, akadzazindikira sadzakufunsaninso kanthu. Kanemayo wanena zoona. Pa Venus pamatentha madigiri pafupifupi 465, usana ndi usiku womwe, ndipo mpweya wake umapanikiza kuwirikiza ka 90 kuposa wa kuno. Mu 1982 chombo cha Soviet Union chotchedwa Venera 13 chinatera kumeneko, chinajambula miyala, koma patangotha mphindi 127 chinati zii.

Inu mumuuze chifukwa chake, mantha amachepa munthu akadziwa gwero. Mpweya wa ku Venus, magawo 96 pa 100 alionse ndi carbon dioxide, mpweya umene umasunga kutentha. Kuwala kwa dzuwa kumalowa koma kutentha kumakanika kutuluka, ngati galimoto yotseka magalasi imene yaima padzuwa tsiku lonse. Mpweya wa kwathu kuno, carbon dioxide sakwana ngakhale gawo limodzi pa 1,000. Ndipo si nkhani ya kuyandikira dzuwa yokha ayi. Mercury, dziko lina lozungulira dzuwa, ali pafupi ndi dzuwa kuposa Venus, koma poti alibe mpweya wosunga kutentha, usiku amazizira mpaka madigiri 180 kunsi kwa ziro.

Zoti dziko lathu likutentha musabisenso, likutenthadi chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, mwina inu a ku Moatize mukudziwa bwino kuposa ine. Koma lakwera ndi digiri imodzi ndi pang'ono m'zaka 150 zapitazi. Izi zikusokoneza mvula ndi zokolola, sizingasungunule mtovu.

Dalaivala wa thiraki:
Amene anagonapo m'thiraki mumzinda wa Tete mu Novembala, ku Venus akhoza kukamanga nyumba n'kukwatira komweko.

Mtsikana wa ku Songo:
Kkkk achimwene inu! Mayi, mwana wofunsa chonchi mupatseni zina zoti azidabwa nazo. Ku Titan, mwezi wozungulira dziko la Saturn, kumazizira madigiri 179 kunsi kwa ziro, kumagwa mvula ya methane (mpweya umene kumeneko umakhala ngati madzi chifukwa cha kuzizira) mpaka kupanga nyanja. Chombo cha Huygens chinatera kumeneko mu 2005. Io, mwezi wa Jupiter, uli ndi mapiri ophulika oposa 400. Ku Neptune mphepo imathamanga makilomita 2,000 pa ola.

Bambo wa ku Tsangano:
Mwana akulephera kugona, inu mukuti timuwonjezere mapiri ophulika? Ayi ndithu. Atuluke naye panja akaione Nthandayo ndi maso. Ife tinakula tikuiona polawirira kumunda, sinatipsetse.

Mphunzitsi wa ku Ulóngue:
Bambo anena bwino, kungoti yang'anani kaye nyengo. Miyezi ina Nthanda imaoneka kum'mawa m'bandakucha, miyezi ina kumadzulo dzuwa litangolowa. Ikakhala pafupi kwambiri ndi ife imakhalabe pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 miliyoni.

Mayi wa ku Moatize:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndamuwerengera zonse, waseka za a dalaivala. Tsopano akuti ndifunse aphunzitsi, kodi chombo cha Venera 13 chija anakachitenga?

Mphunzitsi wa ku Ulóngue:
Muuzeni kuti ayi, palibe amene anapita kukachitenga. Chinatsala komweko.