Msika wa Khirisimasi wa ku Nuremberg: tipite tsiku liti, tikonzekere bwanji?

Amake awiri, Leeds

Moni nonse. Chaka chino tikufuna kukaona msika wa Khirisimasi wa ku Nuremberg, ku Germany: ine, bambo akunyumba ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Tili ndi masiku awiri basi, ndipo mapasipoti athu ndi a Malawi. Odziwa tithandizeni. Tsiku labwino ndi liti? Tivale chiyani? Nanga tikadya chiyani, poti bambowa sadya nkhumba ndipo mowa tonse sitimwa?

Mlamu wa ku Bayern

Zikomo achemwali. Msikawo dzina lake ndi Christkindlesmarkt, ndipo umakhala pa Hauptmarkt, bwalo lalikulu la mzinda wakale, kutsogolo kwa tchalitchi cha Frauenkirche. Umatsegulidwa Lachisanu loti Lamlungu lake ndi loyamba la Adventi, n'kutsekedwa pa 24 Disembala. Masiku onse amayamba 10 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, koma pa 24 amaweruka 2 koloko masana.

Langizo langa lalikulu ndi la tsiku. Pitani pakati pa sabata, Lolemba mpaka Lachinayi. Loweruka madzulo musayerekeze muli ndi mwana wa zaka 4. Anthu pafupifupi 2 miliyoni amadutsa pabwalo limenelo m'milungu inayi yokha, tinjira ta pakati pa mabenchi n'tating'ono, ndiye munthu umangoyenda mokankhidwa, mwana akuona misana ya majekete basi. Fikani cha m'ma 11:30, muyime poonekera wotchi ya Frauenkirche. Ikakwana 12 koloko, tizidole ta akalonga 7 timatuluka n'kuzungulira chidole cha mfumu Karl IV. Mukatero zungulirani mabenchi kukadali kowala, mugule zogula. Dzuwa limalowa itangodutsa 4 koloko, ndipo pamenepo magetsi akayaka pa madenga ansalu zamizere yofiira ndi yoyera aja, m'pamene msika umakongola. Pofika 6 koloko, ochokera kuntchito akamadzaza, inu muzinyamuka.

Kafikidwe n'kosavuta. Kuchokera pabwalo la ndege la Nuremberg kwerani sitima yapansi ya U2, mphindi 12 mwafika pa Hauptbahnhof, siteshoni yaikulu ya sitima. Kuchoka apo mutha kukwera U1 n'kutsika pa Lorenzkirche, siteshoni yotsatira, koma kuyenda wapansi mu Königstraße n'kuoloka mtsinje wa Pegnitz sikupitirira mphindi 15. Mukatera ku Munich, gulani tikiti ya sitima yotchedwa Bayern-Ticket, imodzi ya banja lonse. Chenjerani nayo: pakati pa sabata imayamba kugwira ntchito 9 koloko m'mawa, ndipo mu sitima zothamanga kwambiri za ICE siloledwa. Ambiri amalipitsidwa chindapusa chifukwa chongolowa sitima yoyamba yolembedwa Nürnberg.

Za mapepala

Mayi, musanagule tikiti ya ndege yambani viza. Chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Germany. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, aliyense yakeyake. Wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 9 mayuro 45, wa zaka 4 salipira. Pamwamba pa izi pali ndalama ya ofesi yolandira mafomu. Pamafunika inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kogona, ndi pasipoti yoti ikhalebe ndi miyezi itatu mutabwerako. Yankho limatuluka m'masiku 15, nthawi zina mpaka 45. Chimene chimagwetsa anthu ndi malo okaperekera mafomu, omwe amadzaza Khirisimasi ikayandikira. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, choncho Seputembala si molawirira.

Nachisale wa kukhitchini

Ine ndiyankhe za pakamwa. Chotchuka kwambiri pamsikapo bambo sadya: ndi timasoseji ta Nürnberger, tankhumba, totalika masentimita 7 mpaka 9, tothira masamba onunkhira a marjoram n'kuwotcha pamoto wankhuni. Amatiika titatu m'kabanzi, n'chifukwa chake mumva anthu akuti "Drei im Weggla". Soseji iliyonse ya pamenepo muziiyesa yankhumba pokhapokha atalemba zina. Mawu oti muwagwire ndi "Schwein", ndiye nkhumba. Mukapeza zitumbuwa za mbatatesi yopala, funsani mafuta ake, chifukwa ena amakazingira mafuta a nkhumba otchedwa "Schmalz".

Zopanda nkhawa zilipo. Pali mtedza wa almond wokazinga mu shuga, umene amakupatsani uli wotentha m'kapepala kopinda, ndi Maroni, mtedza wa chestnut wowotcha pamakala, amene amakoma ngati mbatata youma bwino. Ndiye pali Lebkuchen, makeke ofewa a uchi ndi zonunkhiritsa. Apa musapusitsidwe ndi mitima ikuluikulu yolembedwa mawu yopachika pa riboni. Imeneyo ndi yokongoletsa, yolimba ngati thabwa. Funani yolembedwa Elisenlebkuchen. Lamulo limati mtedza ukhale wosachepera 25 peresenti, ufa wosapitirira 10 peresenti, n'chifukwa chake imadula komanso imanyowa bwino m'kamwa. Kapepala koyera ka pansi pake musasende, n'kodya. Ngati pali mwana amene mtedza umamuwenga, ayi ndithu.

Chakumwa chimene aliyense wanyamula ndi Glühwein, vinyo wotentha. Inu itanitsani Kinderpunsch, madzi a zipatso otentha opanda mowa, ndipo akulu amamwanso popanda womuseka. Akakufunsani "mit Schuss?" kanani, akutanthauza kuthiramo kachasu wawo.

Nkhani ya kapu imasokoneza alendo. Mtengo wolembedwa ndi wa chakumwa chokha. Pamwamba pake amawonjezera chikole cha kapu, chotchedwa Pfand, mayuro angapo pa kapu iliyonse. Mukabweza kapu amakubwezerani ndalama. Mukaikonda mutha kupita nayo, si kuba, chikole chija ndiye mtengo wake. Ena amapereka kachitsulo kapena kapulasitiki pamodzi ndi kapu. Mukakataya, chikole chapita. Nyamulani mayuro a m'manja, mapepala a 5, 10 ndi 20 ndi makobiri, poti si benchi iliyonse imalandira khadi, ndipo zimbudzi n'zolipira.

Pobwerera ku Leeds musaike soseji kapena tchizi m'chikwama. Mu Epulo 2025 Britain inaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ndi zamkaka zochokera ku mayiko a EU.

Agogo a ku Fürth

Onse anena zoona, koma ndiwonjeze za kuzizira, chifukwa ndiko kumathetsa ulendo msanga. Kumakhala madigiri 0 mpaka 4, ndipo simuyenda mwachangu ayi, mumangoima pamiyala yoyalidwa. Chisanu chimalowera kuphazi. Jekete lodula silithandiza ngati soli ya nsapato ili yopyapyala. Valani nsapato za soli yokhuthala, zosathina, ndi masokosi a ubweya peyala imodzi; mukaphatikiza atatu magazi sayenda, phazi limazizira kuposa kale. Ana avale zothina zamkati, juzi, jekete, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. Pakatha ola ndi theka lowani penapake mukafunde, kaya m'tchalitchi cha St. Sebald chomwe chili pafupi pomwepo.

Ana anuwo adzasangalala kwambiri pa Hans-Sachs-Platz, kuseri kwa Frauenkirche, pomwe pali Kinderweihnacht, msika wa ana wokhala ndi makatungwe ozungulira ndi kasitima. Christkind, mtsikana wa zaka 16 mpaka 19 amene mzinda umasankha zaka ziwiri zilizonse, amafikako atavala zagolide ndi chisoti. Kum'peza kumeneko n'kosavuta kusiyana ndi pa mwambo wotsegulira wa 5:30 madzulo, pamene bwalo limadzaza kudakali maola.

Pakona ya Hauptmarkt pali kasupe wa Schöner Brunnen, wotalika mamita 19. Pampanda wake wachitsulo pali mphete yamkuwa imene anthu amaizunguza pofuna mwayi. Wa zaka 4 adzafuna kunyamulidwa kuti aifikire. Chikwama chanu nthawi imeneyo chikhale kutsogolo, opisa m'matumba amadikira pamene manja onse ali m'mwamba. Ndipo mdzukulu aliyense mumulembere nambala ya foni yanu pakapepala, muike m'thumba la jekete lotseka ndi zipi.