Thandizeni: munthu amakhala bwanji nthumwi ya ku konvenshoni ya chipani kuno ku America?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. Ma admin chonde musachotse, mtima wanga suli m'malo. Ine ndili ku America kuno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku. Mu 2024 ndinadzipereka pa kampeni: kugogoda m'makomo, kuimbira anthu foni, mpaka kunyamula agogo pa galimoto yanga kuti akavote, mafuta ogula ndekha. Itafika nthawi ya konvenshoni ndinangoona pa Facebook mayi wina amene timapemphera limodzi atavala baji ali m'holo, akuti ndi nthumwi ya state yathu. Mayiyu sindinamuonepo akugogoda khomo la munthu. Ndi yemweyonso anandichotsa mu komiti yophika ya chikondwerero cha 6 July osandiuza, ndipo mapoto anga awiri akadali kwawo. Nditamufunsa kuti anasankhidwa bwanji anangoti zimafuna kudziwana ndi anthu. Bambo a kunyumba akuti ndizisiye, ndale si za ife obwera, koma iwo chilichonse chimene ndayamba amatero. Mu 2028 ndikufuna ndikakhalemo m'holomo. Amasankha ndani? Pali fomu? Zimafuna ndalama zingati? Kapena n'zachinyengo basi?

Mkulu wa ku Area 25: Asisi, mwalandiridwa ku ndale. Zimenezo ndiye chakudya chathu kuno kumudzi. Ine ndinatumikira chipani china zaka zambiri: kunyamula mipando, kukhoma mbendera m'mitengo, kugona pa maliro a mamembala. Pofika konvenshoni dzina langa linasowa pa mndandanda, m'malo mwanga analowa mlamu wa gavanala wa boma lathu. Musataye nthawi ndi mafomu. Nthumwi sizisankhidwa, zimalembedwa usiku m'nyumba ya munthu.

Nesi wa ku Dallas: Amayi, simunatiuze state yanu, simunatiuzenso chipani. Munkaonera ya ma Republican ya ku Milwaukee mu July, kapena ya ma Democrat ya ku Chicago mu August? State iliyonse ili ndi njira yake. Kuno ku Texas ma Republican amayamba ndi kamsonkhano ka precinct (kadera ka malo amodzi ovotera) akatha kuvota mu primary ya March, kenako msonkhano wa county (dera lokulirapo, ngati boma kwathu), kenako wa state, ndipo kumeneko ndi kumene amasankha opita ku konvenshoni ya dziko lonse. Ukajomba timisonkhano tapansiti, okakuvotera pamwambapo amakhala asakukudziwa.

Mnyamata wa ku Ndirande: Tiyambe kaye ndi mapoto, mayi. Ndi a saizi yanji? Munthu wokanirira mapoto a mnzake ndiye akaimire state yonse?

Aphunzitsi a ku Philadelphia: Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Voti ya mu primary imangonena kuti wopikisana uyu apeze mipando ingati ya nthumwi. Woti akakhale pa mpandopo amasankhidwa padera, ndipo apa ndi pamene anakupitirirani mnzanuyo. Kwa ma Democrat mipando imagawidwa molingana ndi mavoti, koma wopikisana amene sanafike 15% sapeza kanthu. Mipando yambiri ndi ya m'madera a aphungu a Congress, ina ndi ya state yonse, ina anaisungira atsogoleri a chipani monga mameya. Pakhomo polowera munthu wamba ndi pa dera paja. Mumalemba fomu yonena kuti mukufuna kukhala nthumwi komanso wopikisana amene mukulonjeza kumuvotera, ndipo kampeni ya munthuyo ili ndi mphamvu yokana dzina lanu. Amuna ndi akazi amayenera kukhala chiwerengero chofanana, ndiye inu mukapikisana pa mipando ya amayi.

Mkulu wa ku Area 25: Aphunzitsi, mwanena nokha: kampeni ili ndi mphamvu yokana dzina. Ndiye mukusiyana pati ndi gavanala wanga uja? Komanso tiuzeni za 2024. Anthu anavotera Joe Biden mu ma primary, iye n'kusiya mpikisano pa 21 July, nthumwi zomwezo n'kupereka mpando kwa Kamala Harris. Anthu wamba anafunsidwa liti? Ife mumatiseka kuti demokalase yathu ndi yosakhwima. Mu August chaka chomwecho MCP inachita konvenshoni yake ku BICC ku Lilongwe, DPP ku COMESA Hall ku Blantyre, nthumwi zinaima pa mzere n'kuponya voti anthu akuona. Mavuto athu timawadziwa, koma musatinamize kuti kumeneko n'kumwamba.

Aphunzitsi a ku Philadelphia: Akulu, palibe wanena kuti n'kumwamba. Nthumwi zinalonjeza Biden, mwini wake atachoka zinamasuka. Kale zinali zoipa kuposa pamenepa: mu 1968 Hubert Humphrey anasankhidwa ku Chicago osapikisana nawo mu primary ngakhale imodzi, ndipo mkwiyo wa chaka chimenecho ndi umene unabweretsa malamulo atsopano opatsa mphamvu anthu ovota. Ngakhale akuluakulu a chipani amene amakhala nthumwi chifukwa cha maudindo awo, aja amawati superdelegates, kuyambira 2018 anawaletsa kugamula pa voti yoyamba.

Mkulu wa ku Area 25: Mbiri tamva. Funso langa lija simunayankhe.

Bambo wa ana atatu: Ine ndinayesapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kuno ku Pennsylvania mayina a ofuna kukhala nthumwi za dera amakhala pa pepala lovotera lenilenilo, koma kuti dzina lako lifikepo umafunika masiginecha 250 a anthu olembetsa chipani chako okhala m'dera lako. Nthawi yosonkhanitsa imagwa m'chisanu choopsa. Ndinkaima pakhomo pa tchalitchi ndi pa sitolo zala zitauma. Abale athu ankasaina ndi mtima wonse, koma ena sanalembetse chipani chilichonse, ena amakhala dera lina, moti masiginecha oona sanakwane. Mnzanga amene analonjeza kundithandiza anazimitsa foni sabata yomaliza. Anthu akwathu pothandizana pa maliro ndife akatswiri, koma mnzathu akafuna kukwera timangoyang'ana.

Mayi wa ku Zomba: Mayi inu mverani amuna anu. Mwapita kukasaka ndalama kapena kukavala baji? Ana kumudzi akudikira fizi inu muli kalikiliki ndi nsanje. Mnzanu wadalitsidwa, muyamikireni. Nkhani za mu mpingo sizibwera pa gulu la anthu masauzande.

Nesi wa ku Dallas: Mayi wa ku Zomba, munthu wokhoma msonkho m'dziko muno ali ndi ufulu wofunsa mmene atsogoleri amasankhidwira. Si nsanje imeneyo.

Mlongo wa ku South Bend: Pali chinthu chandidetsa nkhawa. Mwalemba kuti munanyamula agogo kukavota, koma simunalembe kuti inuyo munavota. Munalumbira kale unzika, kapena muli ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno? Ngati ndi green card, kugogoda m'makomo n'kololedwa, kupereka ndalama ku kampeni n'kololedwanso, koma musayerekeze kulembetsa m'kaundula wa ovota kapena kusaina pepala lonena kuti ndinu nzika. Umenewo ndi mlandu woti mutha kuthamangitsidwa nawo m'dziko, ndipo umaononga mwayi wa unzika. Ndikukupemphani, yankhani funso ili musanagwire fomu iliyonse.

Mkulu wa ku Area 25: Ndipo muwauze za ndalama! Kuno nthumwi imanyamulidwa pa basi, imapatsidwa pogona ndi kangachepe ka m'thumba, n'chifukwa chake imagulika. Ine ndakhala ndikunena kuti zipani zathu zisiye nthumwi, membala aliyense wa khadi azivota yekha. Palibe amandimvera.

Aphunzitsi a ku Philadelphia: Kuno nthumwi imadzilipirira yokha ndege ndi hotela masiku onse anayi, ndipo state iliyonse imapatsidwa hotela yake, mitengo yokwera. Ambiri amapempha thandizo pa GoFundMe, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama. Walira mvula walira matope. Ngati ndinu wa Republican, ya 2028 idzachitikira ku Houston, ndipo kwa iwo dera lililonse la Congress limawerengedwa mipando itatu. Mu 2024 nthumwi zawo zonse zinali 2,429. Ngati ndinu wa Democrat, chipani cha state yanu chimatulutsa chikalata chotchedwa Delegate Selection Plan chaka cha chisankho chisanafike, muli masiku onse otsekera mafomu. Pakadali pano muzipita ku misonkhano ya chipani ya county yanu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mayi wa ku Zomba, fizi ya ana ndimatumiza mwezi uliwonse, musandiweruze. Mapotowo ndi aakulu ophikira pa ukwati, ndinachita kuitanitsa. Ndiye mukuti ndikalankhule ndi abusa kaye kapena ndipite ku county?

Mlongo wa ku South Bend: Amayi, za unzika zija simunayankhe.

Nesi wa ku Dallas: Ndi state yanu, chonde. Ngati mukuopa kudziwika, ndilembereni ku inbox.

Mkulu wa ku Area 25: Pitani ku county konko mukaone nokha. Mukapeza tcheyamani, mkazi wake ndi mlamu wake atakhala kutsogolo. Mudzabwere mudzatiuze pano, ine ndilipo.