Microwave ikuyaka koma sikutenthetsa, waranti inatha, nditani abale?

Moni nonse a pagulu pano makamaka inu a ku Joni. Ndithandizeni maganizo. Microwave yanga ndinagula R1 300 pa shopu ina m'tauni, waranti inali ya chaka chimodzi ndiye yatha miyezi itatu yapitayi. Lachiwiri magetsi atangobwera pambuyo pa load shedding ndinaika mkute kuti ndidye ndisananyamuke ku shifiti ya usiku, getsi lamkati likuyaka, mbale ikuzungulira, ikulira ngati masiku onse koma ikamaliza nsima ili zii ngati yachokera mu fuliji. Ndayesa kapu ya madzi mphindi ziwiri, osafunda n'komwe.

Ku shopu ndinapita ndi risiti, wa pa kauntala anangoyang'ana deti n'kundibwezera. Pano mlamu wanga yemwe timakhala naye kuno ku Rosettenville akuti aitsegule yekha poti anaonera pa YouTube, munthu woti ngakhale babu amachita kuitana ine. Mayi a kunyumba akuti tingoikweza basi ku Park Station akakonze kumudzi. Ine mutu waima. Ndikonzetse kapena ndigule ina?

Achimwene a ku Turffontein:
Mlamuyo mulandeni sikuludiraiva lero lomwe. Mkatimo muli capacitor yomwe imagwira ntchito ndi mavoti pafupifupi 2000 ndipo imatha kusunga moto ngakhale mwazula pulagi, simasewera amenewo, anthu amafa nazo. Ine ndimakonza zamagetsi. Ikamayaka n'kumazungulira osatenthetsa nthawi zambiri vuto limakhala fyuzi ya high voltage, diode (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha), kaswitchi ka pachitseko, apo ayi magnetron yomwe imatulutsa mafunde otenthetsawo. Fyuzi, diode ndi switchi n'zotchipa. Koma akakuuzani magnetron, pa microwave ya mtengo umenewo werengerani kaye, ndalama ya chipangizo kuphatikiza ya wokonza imatha kuyandikira ya yatsopano.

Achemwali a ku Yeoville:
Kkkk zokweza basizo musayerekeze, ndalama ya katundu yokha ndiye mwagula theka la ina, kenako kumudzi ikafike yakufa, pulagi yakenso ya mano ozungulira yosalowa m'masoketi akwathu. Azibale akatinena kuti a ku Joni ayamba kutumiza zinyalala.

Bambo wina wa ku Mayfair:
Pa za malamulo ndikuuzeni zoona musavutike kukangana ndi shopu. Consumer Protection Act ya kuno ya 2008, lomwe ndi lamulo loteteza ogula, imakupatsani miyezi 6 yokha kuchokera tsiku logula yoti chinthu chikafa musankhe kuti akonze, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Inu mwadutsa kale, ya kampaninso yatha. Koma lamulo lomwelo likukutetezanibe kwa wokonza, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaberedwa. Akuuzeni mtengo kaye muvomereze asanayambe ntchito. Chipangizo chomwe waikamo pamodzi ndi ntchito yake zimakhala ndi waranti ya miyezi 3. Chakale chomwe wachotsacho muli ndi ufulu woti akupatseni, mudzionere nokha kuti wasinthadi. Koma zonsezi popanda risiti mudzalira nokha, ndiye anyamata okonzera pa msewu opanda pepala aja asiyeni ngakhale atchipe bwanji.

Mayi wina:
Yanga inkathetheka moto mkati ndinkayesa yapita, kumeneko kanali kachipepala kotuwa ka m'mbali kaja katapsa ndi mafuta a ndiwo, anangosintha basi. Koma yanuyi ndi nkhani ina. Mukakonzetsa mugule pulagi ya surge protector yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, komanso magetsi akazima muzizula, amabwera ndi ukali.

Mwini funso:
Zikomo akuluakulu. Mlamu ndamuwerengera yankho la achimwene a ku Turffontein, wangoti iye amangofuna kuona nawo mkati kkkk. Loweruka ndipita nayo kwa wokonza wa shopu yeniyeni, akatchula fyuzi kapena diode ndilipira, akangoti magnetron ndikaisiya konko ndidikire malipiro a mwezi uno. Pakadali pano mkute tikuwotcha pa sitovu ngati kwa agogo. Achimwene ndakulemberani ku inbox, poti diode imakhala ndalama zingati kuti asakandidye?