Mnyamata wa cystic fibrosis wasiya mafizo chifukwa cha anzake a m'chipinda

Mlangizi, Chinamwali: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikuthandiza mnyamata wa zaka 21, amaphunzira ku UNIMA, amagona ku Chikanda ndi anzake awiri chipinda chimodzi. Ali ndi cystic fibrosis (CF), matenda obadwa nawo amene amalimbitsa timadzi ta m'mapapo ndi m'mimba, anamupeza nayo ku Johannesburg ali wamng'ono atamuyeza mchere wa m'thukuta. Anzakewo agamula okha kuti ndi TB. Kapu yake amaiika payokha pawindo, akayamba kutsokomola iwo amatuluka. Ndiye mwamanyazi wasiya mafizo am'mawa otulutsa makhololo, Creon, makapusulo omuthandiza kugaya chakudya, samwanso pamaso pa anthu, ndipo lamba waboola kale bowo lina. Ku Blantyre kuli mtsikana wa matenda omwewa. Ndiwakumanitse Loweruka azilimbikitsana?

Wa mafizo: Achemwali, chonde ayi. Anthu awiri a CF amapatsirana mabakiteriya monga Pseudomonas aeruginosa ndi Burkholderia cepacia. Ine ndi inu tikakhala bwinobwino satichita kanthu, koma kwa iwo akakhazikika m'mapapo kuchoka kwake n'kovuta, mankhwala ambiri amawakanika. N'chifukwa chake madokotala a matendawa amati atalikirane mamita 2, ndipo magulu awo amakumana pa intaneti. Achezerane pa WhatsApp, vidiyo yomwe, mpaka bando ithe.

Mlangizi, Chinamwali: Nanga gulu lathu la Lachitatu lija, la achinyamata a shuga ndi sickle cell?

Wa mafizo: Abwere, bola wa CF akhale iye yekha. Muzikhala panja pamtengo paja, ndipo wachimfine tsiku limenelo apume kunyumba.

Namwino, Matawale: Ine nkhawa yanga ili pa Creon. Mwa anthu ambiri a CF, timadzi tolimba timatseka njira za kapamba, ndiye zogayira chakudya sizifika m'matumbo. Akadya mandasi kapena ndiwo zotendera osamwa makapusuloyo, mafuta amangodutsa, chimbudzi chimatuluka chamafuta ndi chonunkha, thupi osapindula kanthu. Chonsecho iyeyu amafunika kudya kuposa anzake: mapeyala, mtedza, mazira, usipa wokazinga. Amwe poyamba kudya, osati madzulo akakhala yekha. Komanso Okutobala wafika. Thukuta lake limataya mchere wambiri, ndiye kuyenda wapansi masana kuchoka ku Chikanda kungamufoole. Afunse dokotala wake za kuwonjezera mchere, botolo la madzi lisachoke m'chikwama. Mbaula isayatsidwe m'chipinda chifukwa cha utsi.

Mlangizi, Chinamwali: Ndiye ndingopitako ndekha ndikawafotokozere anyamatawo?

Bambo a ku Sadzi: Mwanawe, pamenepo ndakana. Matenda ndi ake, chinsinsi n'chake. Ukakalankhula ndiwe, iye adzakhala mwana woyankhulidwira mpaka amalize digiri. Khala naye muyeseze, iwe ukhale mnzake wokanika uja, iye ayankhe. Mawu ake asachuluke: ndinabadwa nawo, sapatsirana, ndikatsokomola ndiye kuti ndikutsuka mapapo. Akafunsa zambiri, awauze kuti pamafunika jini yolakwika yochokera kwa bambo ndi ina kwa mayi, ndipo makolo otere pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi mwa 4. Jiniyo ndi CFTR, inapezeka mu 1989, akafufuze okha, si ana a pa koleji?

China. Mafomu athu aja amayamba ndi funso lakuti ukufuna kudzakhala ndani zaka zisanu zikubwerazi. Kwa ameneyu lisiye kaye. Achinyamatawa amawerenga za Trikafta, mankhwala a CF amene ku America anavomerezedwa mu 2019, n'kuona mtengo wake, mtima n'kugwa. Tenga ndandanda yake ya makalasi, muyambe kulembapo mafizo, m'mawa ndi madzulo, zina zonse zipeze malo pambuyo. Mukakumana uzimufunsa chimene chinamulepheretsa tsiku lomwe wadumpha, osamukalipira. Okalipira ali nawo kale kwawo.

Namwino, Matawale: Bambo, ndiwonjezereko. Kukhala ndi CF sikuteteza munthu ku TB, ndipo uyu wawonda. Apite ku Zomba Central akapereke makhololo oti awayeze TB pa makina a GeneXpert, awauzenso za CF yakeyo. Zikatuluka bwino, pepalalo likamuthandiza kwa anzake kuposa mawu athu tonse. Akayamba kutentha thupi, kubanika, kapena makhololo akasintha mtundu, asadikire tsiku lokumana ndi mlangizi.

Bambo a ku Sadzi: Zoona mayi. Ndi kalata ya dokotala angapemphenso ku ofesi yoona za ophunzira kuti amuganizire malo ogona. Koma alembe yekha.

Mlangizi, Chinamwali: Zikomo nonse. Ndikumana naye Lachinayi, za ku Blantyre zikhala za pafoni. Achimwene a mafizo, iye anazolowera kumenyedwa pang'onopang'ono kumsana ndi mayi ake kuti makhololo atuluke. Pali njira yoti azipanga yekha?

Wa mafizo: Ilipo, ya kupuma mozama kenako n'kutulutsa mpweya mwamphamvu kukamwa kuli yasa. Siifuna womuthandiza, ndipo phokoso lake n'lochepa. Akavomera, mubwere naye Lachisanu m'ma 2 koloko, asanadye kapena patapita ola atadya. Atenge ndi kabuku kake ka kuchipatala.