Pempho: tanthauzo la mwambi wakuti “Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka”

Ndikupempha akuluakulu ndi onse odziwa kuya kwa Chichewa kuti mundithandize pa mwambi umene agogo anga aakazi, omwe anatisiya zaka zitatu zapitazo, ankakonda kuunena, wakuti “Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.” Gawo loyamba la mwambiwu silindivuta, pakuti aliyense amene anakhalapo kutali ndi kwawo amalimva popanda womumasulira. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi gawo lachiwirilo, makamaka mawu akuti “mudalaka”, komanso chifukwa chimene makolo anasankhira njoka pakati pa zamoyo zonse za m'tchire.

Msuweni wanga wina akuti mawuwa achokera ku “kulakalaka”, ndiye kuti thengo linakhumba njoka. Ine sindikugwirizana naye. Agogo akalephera kutukula mtolo wa nkhuni ankati “wandilaka”, ndipo chaka chimene maondo anayamba kuwavuta anatiuza kuti munda wakumtunda wawalaka, kusonyeza kuti wawaposa mphamvu. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, lili ndi mawu omwewa pa Yohane 16:33, pamene Yesu akuti “ndalilaka dziko lapansi Ine”, ndipo pamenepo tanthauzo lake ndi kugonjetsa. Ndimaganizanso kuti mawu athu a tsiku ndi tsiku akuti “kulakwa” ndi mphukira ya tsinde lomweli, ngati kunena kuti wolakwa ndi munthu amene chinthu chamugonjetsa. Ngati pali wina amene ali ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892, kapena umene Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929, ndingayamike atationera zimene analembamo pa mawu amenewa.

Tikavomereza kuti kulaka ndi kugonjetsa, mwambiwu ukunena kuti thengo linagonjetsa njoka, ndipo vuto langa likuyambira pomwepo, chifukwa m'thengo ndiye kwawo kwa njoka. Anthu ena amandiuza kuti njoka imathawira kumudzi moto ukalusa m'tchire nthawi yachilimwe, kapena imatsata makoswe kunkhokwe ndi mazira m'khola la nkhuku, choncho ngati thengo limakanika mwini wake weniweniyo, munthu sangalithe. Kumasulira kumeneku n'komveka, koma kukusiya njoka ikuthawa kwawo, pamene mwambi wayamba ndi kutamanda kwanu. Ena akuti njoka imayendayenda tsiku lonse koma pomaliza imabwerera kuuna wake kapena kuchulu kumene imagona, ndiye kuti thengo likuimira dziko la eni, pamene una ukuimira kwanu. Mtima wanga ukupendekera ku maganizo achiwiriwa, ngakhale kuti mmene agogo ankaugwiritsira ntchito mwambiwu zimandipatsa maganizo enanso.

Nthawi yoyamba imene ndikukumbukira bwino ndi pamene tinawatenga kuti adzakhale nafe m'tauni atayamba kufooka. Tinawapatsa chipinda chawochawo, madzi anali m'nyumba momwemo, magetsi analipo ndipo chipatala chinali pafupi, koma sipanathe miyezi inayi asanayambe kumanga katundu wawo. Ankadandaula kuti manja awo akusowa chogwira, ndiponso kuti tsiku limatha popanda munthu wodutsa kuima n'kuwafunsa mmene adzukira. Kumudzi ankadzuka kusanache, kusesa pabwalo, kutsegulira nkhuku, kenako n'kunyamula khasu, ndipo pobwerako ankakhala pakhonde pomwe aliyense wopita kuchitsime ankapatuka n'kucheza nawo pang'ono. Analibe zambiri, koma mbewu ya chaka chamawa ankaisunga okha, chiwiya chikang'ambika ankachimata, ndipo sindinawamvepo akudandaula za ngongole. Tsiku limene tinkawaperekeza, atakhazikika m'galimoto, ananena mwambi uja akumwetulira. Pamenepo zinali zoonekeratu kuti thengo linali tauni yathu, ndipo njoka yogonjayo anali iwo eni.

Nthawi ina inali yosiyana kwambiri, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba. Amalume anga ena anachoka pamudzi ali mnyamata n'kukatchona kunja zaka zoposa makumi awiri, osalemba kalata ngakhale imodzi, ndipo anabwera atadwala, m'manja muli kachikwama kamodzi kokha. Achibale ena anayamba kung'ung'udza kuti munthu amene sanaike nawo maliro a bambo ake asayembekezere kulandiridwa. Agogo sanakangane ndi aliyense. Anatulutsa mphasa, anaiyala pamthunzi, n'kunena kuti, “Khala apa mwanawe, kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.” Ong'ung'udza aja anangoti chete. Mmene ndinaonera ine, mawuwa sanapite kwa wobwerayo yekha, anapitanso kwa otsala pamudzi, kuwakumbutsa kuti ngati njoka, ndi ululu wake wonse, imagonja m'thengo, palibe chifukwa chochititsira manyazi munthu amene dziko lamulaka. Kodi alipo wina amene anamvapo mwambiwu ukunenedwa motere, polandira munthu, kapena uku kunali kuupinda kwa agogo anga okha?

Funsoli likundikhudza chifukwa mawu omwewa ndi amene anandiuza tsiku limene ndinawaona komaliza ali moyo. Ndinapita kukawazonda kwa masiku awiri okha, ndipo potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena mwambiwo motsitsa mawu, osawonjezapo kanthu. Ndinauyesa mawu otsanzikirana wamba ndipo sindinafunse. Chiikireni maliro awo sindinapitekonso kumudzi, nyumba yawo ili chitsekere, ndipo ndamva kuti munda wakumtunda uja wamera tchire. Ndikamaganiza za tsiku limenelo, nthawi zina ndimamva ngati ankandichenjeza kuti moyo umene ndikuuthamangira udzanditopetsa, nthawi zina ndimamva ngati ankanditsimikizira kuti tsiku lililonse limene ndidzabwere, ndili ndi kanthu kapena ndilibe, mphasa idzayalidwa.

Choncho ndikupempha amene munakula ndi agogo anu, kapena amene munaphunzitsapo miyambi kusukulu, kuti mundiuze mmene mwambiwu umanenedwera kwanuko, ngati mawu ake ali ndendende monga ndawalemberamu, ndi nthawi imene akuluakulu ankautchula. Koposa zonse ndikufuna kumva za njokayo: kodi thengo litailaka inalowera kuti, kumudzi kwa anthu kapena kuuna wake?